Dalaivala Amene Ankatsala M'basi

Anzake ankamutcha Mahutala, chifukwa pamsewu sankadziwa kudikira, ankangoliza hutala. Ntchito yake inali yonyamula akatswiri a mbiri yakale a ku yunivesite, kupita nawo kuchigwa kumene kunachitikira nkhondo yapachiweniweni. Akafika, iwo ankatsika ndi mapu ndi makamera awo, iye n'kutsala m'basi, ati kulondera zikwama.

Zoona zake n'zakuti bambo ake anafera m'chigwa chomwecho iye akukwawa. Asilikali anawatenga akusoka nsapato pakhonde, ndipo ngakhale mtembo wawo sunaoneke.

Tsiku lina mayi ena achikulire a m'gululo anapweteka bondo, ndiye anamupempha kuti awagwire dzanja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa dzenje lalitali lomera udzu.

"Apa anakwirirapo anthu ambirimbiri, a mbali zonse ziwiri," anatero mayiwo.

"Nanga mayina awo mumawadziwa, amayi?"

"Ochepa chabe, bambo. Enawo tafufuza, koma talephera."

Mahutala anavula chipewa. Anafuna kutchula dzina la bambo ake, koma akatswiri enawo anali atayamba kale kuyeza dzenjelo ndi chingwe.

Lamulungu lotsatira anabwereka basiyo n'kupita kuchigwa kuja ndi mayi ake omubereka. Mayi akewo anakhala pansi m'mphepete mwa dzenjelo, n'kuyamba kuwauza amuna awo zonse: za denga lodontha, za mwana amene anamwalira, za zidzukulu zimene sanazione. Analankhula mpaka mawu anasasa, mwana wawo atawagwirira ambulera padzuwa.