Bambo wachikopa pakhoma langa ku Ilford

"Moto! Moto! Moto!" Ndimawamvabe mawu amenewo akukwera masitepe Loweruka masana, ine ndikuyesa kugona nditachoka ku shifiti. Anali amayi a mapemphero, ndipo motowo ankauitanira chithunzi cha m'chipinda changa.

Ndinkachita lendi kachipinda ku Ilford kwa mayi wina, namwino wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza. Chithunzicho ndinachitenga kunyumba yosamalira okalamba komwe ndinkagwira ntchito. Nkhalamba ina itamwalira, mwana wake anafuna kuchitaya, ine n'kuchipempha. Chinali chosindikizidwa chabe, koma mwini luso anachijambula ndi penti m'zaka za m'ma 1800: bambo wandevu, chipewa chachitali, mkanjo wazigamba, chikopa paphewa, chipanda ndi kankhwangwa m'manja. Malemuwo anandiuzapo kuti ndi dervish, Msilamu wosiya chuma n'kumayendayenda akupemphera.

Ndinaleredwa ndi agogo, ndipo makolo anga sindinawaonepo ngakhale pachithunzi. Bamboyu ankangondiyang'ana osandifunsa kanthu, ine zinandikwanira.

Koma kwathu munthu sapachika mlendo pakhoma. Mayi a nyumba aja atabwera kudzaona hita yotenthetsera chipinda anafunsa, "Agogo anu awa?" Ine ndi pakamwa panga polemera ndinangomwetulira. Pofika Lamlungu tchalitchi chawo chonse chinadziwa kuti ndine mdzukulu wa sing'anga. Boyila itafa, anali agogo. Viza ya mlamu wawo itakanidwa, agogo omwewo.

Loweruka limenelo ndinatsegula chitseko asanagogode.

"Amayi, si m'bale wanga uyu. Ndi munthu wopemphera ngati inu nomwe."

"Wopemphera ndi nkhwangwa? Achimwene, be serious," anatero mayi a nyumba.

"Bwanji mukuwakana lero agogo anu?" anatero mayi wina kumbuyo. "Mphuno ndi yomweyo!"

Mphuno ya bamboyo inali ngati mlomo wa kabawi, yanga ngati mbatata. Ndinafotokoza za nkhalamba ija, za penti, za zaka. Anagwedeza mitu mondimvera chisoni, n'kumuwaza mafuta odzozera pandevu. Kunja kunkazizira koopsa, ndipo chipinda china cha mtengo umenewo sindikanachipeza mu London monse.

Atatsika, mayi a nyumba anabwereranso okha, jumbo lakuda la zinyalala lili m'manja.

"Ine sindithamangitsa mwana wamasiye," anatero. "Koma pofika Lachiwiri, umu mulowe agogo anu kapena zovala zanu."

Anandipatsa jumbolo ndi manja awiri, n'kutsika masitepe.