Nkhani ya ndowa sunaimalize, Esinati

Lelo chakwana chaka chiyambile pamene unatisiya, Esinati mlongo wanga. Ndikali pompaja pamseu pa Kacholola, kumata ndowa zapulasitiki ndi mpeni wamoto, ine katswili amene mbili yake inafika ku Nyimba ndi Petauke yense. Koma tsiku lonse ndakhala ndikuona iwe utakhala pachigubu, ulendo uja unabwela patchuti kuchokela kumaphunzilo ako a sayansi kunja kwa dziko. Unaloza ndowa imene ndinali kumata nʼkunena kuti, "Akulu, mʼpulasitikimo muli tumaunyolo tosaoneka, topilingizana ngati nyongolotsi. Mukatenthetsa tumayamba kuyenda nʼkulowana. Ife asayansi timatuwombela ndi tunthu totchedwa manyutuloni, ndipo mmene tunthuto tumabalalikila timadziwa kayendedwe kake."

Sindinakulole kumaliza. Ndinaitana amai onse ogulitsa nthochi kuti aone munthu amene anakwela ndeke khumi kukaphunzila zimene ine ndimachita ndi mpeni wakale. Ndinati kuyambila lelo azinditcha a Pulofesa, ndipo ndowa zanga zilibe nyongolotsi, ndimazitsuka. Unaseka mpaka kutsokomola, nʼkuti, "Chabwino a Pulofesa, zotsalazo ndidzakuuzani ndikabwelanso." Zoona zake, mwaice, mlongo wanga wamngʼono, ndinamva manyazi kufunsa pamaso pa anthu, koma ndinali kufuna kudziwa ngati tumaunyoloto tumalekelatu kuyenda pulasitiki ikazizila. Ndafunsa aphunzitsi awili, onse angondiyangʼana. Masiku ano ndimamata ndili chete, pakamwa ponse paja ndatseka, koma palibe womaliza nkhaniyo.