Nambala ya Ankhoswe

Foni yanga anandisolola m'kombi, minibasi ya ku Mufakose kuno ku Harare, ndikuchokera kooda tomato. Layini yake inali m'dzina la malemu amuna anga, ndiye zoibweza zinavuta, ndinangogula ina. Ndikanadziwa bwanji kuti nambala nazonso amagulitsa ngati kaunjika, zovalidwa kale?

Sabata isanathe mameseji anayamba kugwa. Mwini wake woyamba ayenera kuti anali munthu wa anthu. Wina ankafunsa m'Chishona za makwerero amene anabwereketsa, wina ankakumbutsa za kwaya, wina ankangolemba kuti ali pageti. Geti la ndani? Ine ndimachita lendi kachipinda kakuseri, geti ndilibe. Poyamba ndinkayankha mwaulemu kuti asokera. Kenako ndinatopa nazo. Tsiku lonse uli padzuwa kulimbana ndi ogula onenerera, miyendo itatupa, foni n'kulira, iwe n'kuipisa msangamsanga poyesa ndi mwana wako, ukapeze ndi wamakwerero yemwe uja.

Mmodzi yekha ndiye ankalemba m'Chichewa, mayi wina wa ku Caledonia. Meseji iliyonse ankayamba ndi mawu oti malume. Ndinazindikira kuti malumewo ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wake, munthu amene amaitanidwa banja likavuta. Ankalemba kuti bambo a kunyumba ayambiranso, amutayira zovala panja, mkono watupa, chonde abwere adzakhale pansi ndi akuchimuna. Chichewa chake chinali chathu chomwechi cha ana okulira m'mafamu, chosakaniza ndi Chishona. Ndinkawerenga n'kuibweza foni m'thumba. Ndinkati za m'banja la eni sindilowerera, anga mavuto ndi ondikwana kale.

Zinapitirira choncho mpaka mvula inayamba. Tsiku lina tomato anandiwolera bokosi lonse, ndipo meseji yake inalowa ndili mkati motaya, manja ali nyankhanyankha. Mtima unandipsa. Ndinalemba kuti mayi inu, ine si malume anu, nambalayi ndi yanga, malume anuwo kuno kulibe, lekani kundisowetsa mtendere. Nditatumiza ndinamva kupepuka, ndisaname.

Mawa lake masana anandiimbira. Ankayankhula motsitsa. Anandipatsa moni wonse, mpaka kufunsa za ana. Kenako anati iye ankadziwa kalekale kuti nambalayo si ya malume ake. Iwo anabwerera ku Malawi atadwala, n'kumwalira komweko, ndipo m'Harare monse mayiyo analibe mbale wina. Za imfayo iye anamubisira mwamuna wake. Ndiye mwamunayo akati akweze dzanja, iye ankatenga foni n'kulemba akuona, bamboyo n'kuzizira poopa manyazi okhalitsidwa pansi ndi ankhoswe.

"Foniyi amasunga ndi bambo a kunyumba, mayi," anatero. "Yankho lanu awerenga dzulo."

Ndinamuuza kuti ndilembanso, ndinena kuti ndine mkazi wa malumewo, ndinangopsa mtima. Anati ayi, zinatha, bamboyo waimba kale kumudzi n'kumva zonse. Anapepesa pondivutitsa nthawi yonseyi, n'kudula.

Ndinaimba madzulo ake, ndinaimbanso mawa lake, sabata yonse, foni yosapezeka. Caledonia ndi yaikulu, ndipo ine dzina lake sindinamufunse. Zimandipweteka mpaka lero. Mayi uja sankafuna kuti ndipite kwawo kapena ndimuyankhe. Ankangofuna ndikhale chete, ndipo chetecho ndinamumana.