Malaya Oyera ndi Chingwe Chokokera Galimoto

Amene anandilakwira ku Doha kuno ndi madala ena a ku Russia, okonza makina oziziritsa m'nyumba pa kompaundi imene ndinkagwirapo ntchito ku Al Messila. Sanandibere, sananditukwane, sanakandinenere kwa bwana. Anandipatsa lifiti. Lifiti imeneyo inandichedwetsa ku intavyu pafupifupi ola lathunthu, n'kukandifikitsa malaya anga oyera ali ngati sanza ya m'galaja.

Ndineneretu kuti ine ndine wamtima wapachala. Sukulu ndinaisiyira Fomu 1 nditayankhana ndi aphunzitsi pa asembule, ndipo zaka zimene ndinali kondakitala wa minibasi ku Limbe ndinasintha madalaivala asanu chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndiye zoti tsiku limenelo ndinapirira kuyambira m'mawa mpaka masana osaphulika, mpaka lero ndimadzidabwa.

Pa kompaundipo ntchito yanga inali kuthirira maluwa, kusesa ndi kutsuka magalimoto a eni nyumba. Madalawo chipinda chawo chinali choyandikana ndi changa, kuseri, pafupi ndi matanki a madzi. Anali a msinkhu wa bambo anga, adazi, manja ngati mafosholo, ochokera m'tauni ina yozizira imene dzina lake linandikanika kutchula. Ine ndinkangoti Ankolo. Tinkamvana pa Chingelezi chothyokathyoka, changa cha Fomu 1, chawo chodwala kuposa changa. Chikatithera, manja ankamaliza.

Galimoto yawo inali yakale, ya ku Japan, yofiirira ngati madzi a nyemba. Pakati pa zimagalimoto zonyezimira za eni nyumba inkaoneka ngati wachibale wochokera kumudzi amene wafika pa ukwati osaitanidwa. Koma Ankolo ankaisisita pa boneti, kuilankhula, ndipo anaipatsa dzina la m'chinenero chawo. Nditafunsa tanthauzo lake, anajambula kambalame ka mchira wa mphanda pa fumbi la pagalasi. Namzeze! Chinthu chimene chinkatsokomola katatu chisanalire, ati namzeze.

Madzulo aliwonse akaimika, ankadzutsa mawaipa kuti aloze kumwamba ngati nyanga za mbuzi.

"Ankolo, n'chiyani chimenechi?"

"Asamatirire pagalasi ndi chisanu."

"Chisanu chake chiti? Kuno dzira limapsa pa boneti!"

Anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana mawaipawo. "Dzanja linazolowera," anatero, koma sanawatsitse.

M'mawa zinali zina. Akaliza injini sankanyamuka ayi. Ankatuluka, kuima pambali ndi kapu ya tiyi, kudikira mphindi khumi kuti injini itenthe. Itenthe! M'dziko limene munthu ukagwira chitseko cha galimoto masana umasiyapo khungu. Ndikawaseka ankati, "Iwe ukadzuka umangoyamba kuthamanga? Nayenso ndi munthu." M'buti munali masipanala, chingwe chachikulu chokokera, bulangeti, kandulo, chitini cha nsomba ndi fosholo yaing'ono yofukulira chipale chofewa chimene chimagwa kwawo nthawi yozizira. Zaka zisanu ndi chimodzi ali ku Doha, chipalecho ankachidikirabe.

Tinazolowerana nthawi ya Covid. Eni nyumba anadzitsekera, magalimoto awo anangoti phee, ife antchito osaloledwa kutuluka pageti popanda chifukwa. Koma Ankolo tsiku lililonse boneti yotsegula, mutu uli m'kati, masiki ili pachibwano. Amasule ichi, achipukute, achibwezere pomwepo. Ine ndinkawagwirira tochi dzuwa likuswa mtengo, poti kunalibenso kochita. Apo m'pamene ankandisimbira za kwawo. Ati kumeneko amuna ali ndi timagalaja tawo kunja kwa tauni, tondandalikana ngati zigolosale za pamsika, ndipo Lamlungu amapita kumeneko kuyambira m'mawa, ndi buledi wakuda, nkhaka zoviika mumchere ndi kabotolo.

"Ndiye magalimoto a kwanu amawonongeka Lamlungu lililonse?"

"Galimoto imakhala ili bwino," anatero. "Wowonongeka amakhala mwamuna. Amapita kukakonzedwa."

Ndinkaseka, koma mtima wanga sunali pa maluwa ndi paipi. Zaka zinayi ndikutsuka magalimoto a anthu, ine munthu woti ndinayendetsapo minibasi yodzaza kutsetsereka ku Ndirande mabuleki akuchita kupemphedwa. Laisensi ya kuno ndinali nditaivutikira n'kuipeza, koma inkangogona m'chikwama, chifukwa bwana ankakana kundipatsa kalata yondimasula. Ndiye lamulo linasintha. Tinamva kuti tsopano munthu angathe kusintha ntchito popanda kalata imeneyo. Pasanapite nthawi achemwali ena a kwathu, a ku Zomba, ogwira ntchito pa hotela ina ku Pearl, anandiimbira.

"Achimwene, akufuna madalaivala awiri. Dzina lanu ndaperekako. Lachiwiri, teni koloko. Chonde musachedwe, mayi amene amalemba anthu ntchito kuno sadziwa kuseka."

Kontilakiti yanga inali yotsala milungu itatu. Ikanakanika ya hotelayi, ndiye kusainanso zaka ziwiri za paipi.

Cholakwa changa chinali kuwauza Ankolo. Anandiwomba pamsana mpaka ndinatsamwa. "Dalaivala sapita ku intavyu pa sitima ngati mwana wa sukulu. Namzeze akupereka." Ine, pofuna kukafika wosatuluka thukuta, ndinavomera. Walira mvula walira matope.

Lachiwirilo ndinavala malaya oyera amene ndinawasita kawiri. Naini koloko ndinali pa galimoto. Kuchokera ku Al Messila kukafika ku Pearl si ulendo woti munthu n'kuphikira kamba. Nthawi inalipo yambiri. Ankolo analiza injini, n'kutuluka ndi tiyi wawo. Ndinadikira. Mphindi khumi zitakwana ndinagwira chitseko.

"Ayi, ayi. Tiye m'nyumba. Tikhale kaye pansi."

"Tikhale pansi?"

"Kwathu munthu sanyamuka ulendo waukulu asanakhale pansi. Khala. Usalankhule."

Tinakhala, iwo pabedi, ine pa chidebe cha penti, kuyang'anizana ngati anthu a pamaliro. Kenako anamenya maondo, n'kuti, "Yala, tiyeni." M'galimoto anatenganso nthawi kuwongola kakamera kawo ka pagalasi, ati kwawo woyenda wopanda mboni ndi chitsiru. Tinatuluka pageti hafu pasiti naini isanakwane. Ndinati basi, zavuta zatha.

Pamsewu Ankolo anali munthu wina. Wina akawapatsa mpata, ankayatsa mahazadi kawiri kuthokoza. Wina akawadula kutsogolo, ankamufotokozera mbiri ya makolo ake onse m'chinenero chawo, magalasi ali otseka, mawu ali pansipansi ngati akupemphera. Ine ndinkabwereza mumtima mayankho anga a intavyu.

Tikuyandikira kotulukira ku msewu waukulu, tinaona kalole kakang'ono koyera kataima m'mbali, boneti ili m'mwamba. Pambali pake panaima bambo wina wochepa thupi, wa ku Nepal, foni ili kukhutu. Magalimoto ankangomudutsa, fyuu, fyuu. Ndinamva namzeze akuchepetsa liwiro.

"Ankolo, ayi."

"Mphindi ziwiri."

"Ankolo, ali ndi foni! Akubwera a kampani yake!"

"Mwana wanga," anatero akuyatsa mahazadi, "kwathu ukamudutsa munthu pamsewu nthawi yozizira, pobwerera umamupeza atauma ngati thabwa. Bambo anga anagonapo m'lole usiku wonse akuwotcha tayala kuti asafe. Anawapulumutsa ndi munthu wosamudziwa. Sitidutsa."

Ndinayang'ana wotchi. Kotala tu teni.

Mphindi ziwirizo zinabala ana. Ankolo analowetsa mutu mu injini ya munthu, kugogoda apa, kununkhiza apo. "Gwira ichi," anandiuza, ndipo ndisanaganize ndinali nditakumbatira chivundikiro cha chitsulo chodontha oyilo. Ndinachitalikitsa ndi chifuwa, koma oyilo ndi malaya oyera n'zokondana kuyambira kale. Bambo wa ku Nepal uja ankangoti, "Zikomo abwana, zikomo abwana," masiki yake ili chinyowere ndi thukuta. M'lolemo munali mabokosi a maluwa a mumphika, ayamba kale kuweramitsa mitu.

"Yafa pampu," Ankolo analengeza, nkhope ili ngwee ngati alandira mphatso. Anathamangira ku buti n'kutulutsa chingwe chija. Ndikhulupirira kuti chingwecho chinali chisanagwirepo ntchito chifikireni ku Qatar, ndipo madalawo anadikira tsiku limeneli kuposa mmene ine ndinadikirira intavyu.

Vuto linali lakuti mwini lole anali asanakokedwepo. Atamva zoti akhale pa chiwongolero injini ili chozima, mabuleki olimba ngati mwala, anagwedeza mutu mpaka magalasi ake a m'maso anatsetsereka. Ankolo anatembenukira kwa ine.

"Iwe si dalaivala? Kwera."

Umu ndi mmene ndinayendetsera galimoto koyamba pa msewu wa Doha. Lole yakufa, yomangidwa chingwe, kumbuyo kwa namzeze, magalasi otsegula, mpweya wotentha ukulowa ngati wa mu uvuni wa sikono. Ankolo anatulutsa dzanja pawindo n'kumandipatsa masaini: tsika, gwira buleki, siya. Chingwe chikakhwepa ankakunga chibakera. Ndipo ndisaname, ndinayendetsa bwino. Chingwe sichinagwedezeke n'kamodzi komwe. Tinakalowa pa malo omwetsera mafuta pamene panali kagalaja, mwini lole akundigwira phewa, kundidalitsa m'chinenero chake. Anafuna kuwapatsa Ankolo kenakake, iwo anakwiya ngati awatukwana.

Pa geti la hotela tinafika teni koloko itapitirira ndi mphindi makumi asanu. Mlonda anayang'ana foni yanga kuti aone ngati ikuonetsa zobiriwira zosonyeza kuti ndilibe Covid, anandiyeza kutentha pachipumi, kenako anayang'ana malaya anga nthawi yaitali kuposa zonsezo.

"Mwabwera kudzakonza jenereta?"

Mayi wolemba anthu ntchito uja ndinakumana naye pakhonde atanyamula mafayilo. Sanakweze mawu. Anangoti, "Dalaivala wa hotela ntchito yake yoyamba ndi nthawi," n'kupitirira. Nsapato zake ndimazimvabe, ko, ko, ko.

Achemwali aja anandipeza nditakhala pa masitepe a kumbuyo, kumene amatsitsira katundu.

"Achimwene! Mwachita kugwa m'dzenje? Ine kuyankhulira munthu mpaka pakamwa kuuma, inu n'kubwera ngati makaniko wa ku Ndirande?"

Ndinawafotokozera zonse. Poyamba anakwiya, koma nditafika pa chidebe cha penti anayamba kugwedezeka mapewa, pofika pa chingwe anali atagwira khoma. "Mzungu wanuyo ngwabwinobwino?" Anapukuta misozi n'kundiuza kuti ndidikire. Analowa m'kati, n'kukakhalako nthawi yaitali. Pobwera anati, "Atenga mmodzi, malo enawo sanapeze munthu. Lachinayi, eyiti koloko m'mawa. Ndachita kugwada, ndipo sindidzagwadanso. Mukachedwa ngakhale mphindi imodzi, musadzandiimbirenso foni."

Ankolo ndinawapeza koimika magalimoto atatsamira namzeze, akudya nsomba za m'chitini zija ndi mpeni. Anandisungirako theka.

"Bwanji? Akulemba?"

"Ndinachedwa."

"Aaa." Anatafuna pang'ono. "Koma unawauza kuti unakoka lole pa chingwe osagunda? Kwathu akanakulemba pomwepo. Amenewa sadziwa madalaivala."

Tinakwera galimoto. Ulendo wonse wobwerera manja ndinali nditawapana m'khwapa kuti asachite zawo. Iwo ankaimba kanyimbo kapansipansi, osangalala ngati munthu wochokera kokolola. Ndinkafuna kukalipa, koma ndikawayang'ana m'mbali, dazi lili psuu ndi dzuwa, zala zakuda ndi oyilo wa munthu wosamudziwa, mawu ankabwerera kukhosi. Kukwiyira munthu woipa n'kosavuta. Koma uyu ukamuyamba pati?

Titafika pa kompaundi anazimitsa injini n'kufunsa ngati basi zatheratu. Ndinawauza za Lachinayi. Nkhope yawo inawala.

"Eya! Ndiye Lachinayi tinyamuke sikisi koloko. Ndidzakudzutsa ndine. Ndipo tidzere njira ya ku Corniche, kumakhala magalimoto ochepa m'mawa. Lero madzulo ndisintha oyilo kuti namzeze..."

Apo ndiye chinachake chinaduka m'mutu mwanga. Ndinatuluka, kuzungulira galimoto, kukaima kutsogolo kwawo. Ndinavula masiki kuti aone pakamwa pamene mawuwo akuchokera, ndipo ndinalankhula pang'onopang'ono kuti Chingelezi chisandithawe.

"Ankolo, ndimvereni bwino. Tsiku limene ndidzafere pamsewu, ndikupempha Mulungu kuti adzadutse ndinu, chifukwa wina aliyense m'dziko muno adzangondiimbira hutala. Koma lero pamsewu paja panali anthu awiri ofuna thandizo, ndipo mmodzi anakhala pampando wa pambali panu atavala malaya oyera. Simunamuone. Lachinayi musandigogodere, musandidikire, musandiperekeze ngakhale pageti. Mukandiona ndikuyenda pansi, dutsani. Ndikwera sitima."