Mchira wa chingwe

Masiku ano ndimamva achinyamata akulakatula ndakatulo pa wailesi. Amadandaula za kusalidwa, ena mpaka mawu kunjenjemera. Sindiwanyoza. Koma ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndipo mlakatuli amene ndinamudziwa sanalirepo ngakhale kamodzi.

Zinali zaka za chipani chimodzi. Ndinkatsogolera chingwe cha kumanja pa khoka la bambo wina wachisilamu, kufupi ndi Nkopola. Khoka limakokedwa ndi zingwe ziwiri kuchokera kumtunda. Mbali imodzi ikafulumira, khoka limapendekeka, nsomba n'kutulukira m'mbali. N'chifukwa chake pamafunika nyimbo, kuti mapazi onse aponde pamodzi.

Lamulo la pagombe linali limodzi, ndipo tinalipeza: wagwira chingwe, ali ndi gawo la nsomba. Kaya ndi mlendo wodutsa, kaya mayi wobwera kudzatsuka mbale. Amene sanagwire alibe kanthu.

Wotiyambitsira nyimbo anali munthu wa ku Makanjira amene anadwalapo khate. Ku chipatala cha mishoni anamwa mankhwala nachira, koma zala zinatsala zitsa. Anthu sanakhulupirire zoti anachira. Anamuletsa kutunga pamene ena amatunga, anamupatsa chikho chakechake, ndipo chingwe chathu anamuuza kuti asachikhudze. Motero ankakhala pa bwato lovundikira, kutiimbira m'mawa wonse, kenako n'kutola tinsomba topondedwa mumchenga. Kunyumba kunali mkazi ndi ana omudikira.

Anali wa nthabwala. Achinyamata a chipani ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi, koma iye akatulutsa yake, iwo ankabwerera m'mbuyo.

"Bwanji, mabwana, simuiona?" ankatero. "Igwireni, ndi yeniyeni."

"Dutsani, dutsani, madala!"

Nyimbo zake ndazisinkhasinkha zaka zambiri, ndipo ndikuona mmene ankazimangira. Mzere uliwonse unali waufupi, wokwana mpweya umodzi wa munthu amene akukoka. Sankatchula dzina la munthu, chifukwa nthawi imeneyo dzina mu nyimbo linkatha kukugonetsa ku polisi. Ndipo mawu achipongwe amene anthu ankamunenera mseri, iye ankayamba kuwatchula yekha, mokweza.

"Zala ndinasiya ku mishoni!"

Ife: "Koka!"

"Msana ndinabwera nawo!"

"Koka!"

"Mwera ukagubuduza bwato, suwerenga zala!"

"Koka!"

Munthu akadzitchula yekha wakhate pamaso pa gulu, wotukwana amasowa choti anene. Ankatiseketsa, ndipo poseka tinkaiwala kuti mapewa akuwawa. Koma khoka likayandikira kumtunda, pamene ntchito imalemera, ankasintha. Pamenepo panali funso, tsiku ndi tsiku lomwelo.

"Chingwe ichi n'cha yani?"

Yankho anatiphunzitsa yekha: "Cha tonse!"

Mawuwo ankagwera pomwe phazi likuponda, ndiye sakanasinthika. Anthu omwe ankamukaniza chingwe ndi omwewo ankafuula kuti n'cha tonse, m'mawa uliwonse, mitsempha ili njo pakhosi. Sindikudziwa ngati onse ankamva zimene pakamwa pawo pankanena. Ine ndinkamva.

Tsiku lina m'nyengo ya mwera, khoka lili kale m'madzi, inafika lole ya achinyamata a chipani. Kunkabwera wamkulu wina wa chipani ku boma, ndipo ankafuna anthu okaima m'mbali mwa msewu. Mwini khoka anawapempha kuti adikire tikoke kaye. Anamufunsa ngati nsomba zake zaposa chipani. Funso lotero silinkayankhidwa. Anatenga anyamata onse amphamvu, tinatsala ochepa, ambiri a imvi.

Khoka linali lolemera. Ndinadziwa ndi mmene chingwe chinkanjenjemerera kuti muli chambo. Mafunde anakula, ndipo mbali yanga inayamba kugonja. Tikakoka phazi limodzi, nyanja inkabweza awiri. Chingwe chinkapsereza m'manja.

Woimba uja sanasiye kuimba. Anatsika pa bwato lija akuimbabe, anapita kumbuyo kwathu kumene mchira wa chingwe unagona pamchenga, anauzunguliza m'chiuno, nazika zidendene. Ndinamva chingwe chikuima. Mkulu wina amene anali patsogolo panga anacheuka.

"Iwe! Siya chingwecho!"

Koma kuti akamuchotse anayenera kusiya chingwe iye mwini, ndipo aliyense akanasiya, khoka likanapita. Pomwepo funso linabwera kuchokera kumbuyo.

"Chingwe ichi n'cha yani?"

Mbali ya kumanzere, imene sinkaona bwino zochitika kwathu, inayankha ndi mphamvu. Ife tinatsatira. Mkulu uja nayenso anayankha, chifukwa phazi lake linkafuna mawuwo.

Khoka linafika. Chambo chinali chambiri, ndipo mwini khoka anayamba kuunjika milu pamchenga monga mwa nthawi zonse. Woimba uja anamasula chingwe m'chiuno, nabwerera pa bwato lake. Sanapemphe kanthu.

Mkulu uja anati, "Mchira umenewo tiudule, tiuwotche."

"Wallahi, chingwe cha ku Blantyre chimenechi?" anatero mwini khoka. "Mudula chanu, ambuje." Kenako anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mbali iyi ndi yanu. Wagwira kapena sanagwire?"

Ndinati, "Wagwira."

Panalibenso chokambirana. Lamulo lija linali lakale kuposa mantha athu. Mwini khoka anaunjika mulu wina wofanana ndi inayo. Woimba uja anavula malaya, anakankhiramo nsomba ndi zikhatho, nanyamula pamutu. Podutsa pafupi ndi mkulu uja anati, "Musadandaule, ambuje. Mulu wanu sindinaukhudze."

Sindinganame kuti mudzi unasintha. Chikho chake chinakhalabe chapadera mpaka imfa yake, ndipo ena anasamukira ku chingwe cha kumanzere. Koma mchira wa mbali yanga unakhala wake kuyambira tsiku lomwelo, ndipo kunyumba kwake kunkafika gawo.

Chimene ndinazindikira patapita nthawi n'chakuti funso lija analisiya. Za zala ndi za mwera ankaimbabe, anapekanso zina zoseka ife a imvi, koma khoka likayandikira ankangobwereza za msana. Tsiku lina tikuyanika khoka ndinamufunsa chifukwa chake.

"Achimwene," anatero, "ndinkafunsa chifukwa ndinkafuna yankho. Munandiyankha. Ndizifunsiranji kawiri?"