Chitseko Chimene Amayi Anatseka

Njinga yamoto ikandidutsa pa Golomoti n'kusiya fungo la petulo, mpweya umandichepera ngati ndatsekeredwanso m'nyumba mwathu muja.

Ndinali kamtsikana, ndikusankha mpunga masana, pamene bambo wina wamagazi kumutu anagwera m'nyumbamo. Amayi anatuluka n'kukoka chitseko, ine n'kutsala naye mkati. Pabwalo panadzaza anthu. Ankati bamboyo waba mbuzi, ndipo wina anali ndi chigubu cha petulo. Fungo lake linkalowera pansi pa chitseko.

Nyumbayo inalibe khomo lina. Bamboyo anabisala kuseri kwa matumba, ine ndili pakona. Ndinkaganiza kuti atitentha tonse awiri, poti ndakhala pafupi ndi wakuba ndiye kuti nanenso ndachimwa.

"Mayi a Esinati, chokani pakhomopo!" anakuwa wina.

"Bambo a Yohane," anayankha amayi, "si inu munatiwerengera Mawu m'tchalitchi Lamulungu lapitali? Mwana wanga ali momwemo. Yatsani ndikuona."

Kenako anayamba kuwatchula mayina mmodzimmodzi, a kwaya, a kumphakati, amene ankaimba nawo pamaliro. Phokoso linazilala pang'onopang'ono, mpaka apolisi anafika n'kumutenga bamboyo ali moyo.

Anthu atabalalika, ndinawafunsa amayi ndikulira chifukwa chimene ananditsekera. Anangondikumbatira.

Lero ndikudziwa kuti anthu aja anakumbukira Mulungu atamva mayina awo, koma sindidziwa ngati ine ndingathe kusiya mwana wanga kuseri kwa chitseko chotero.