A Jere Mazana Atatu mu Laputopu

Mayi oyandikana nane nyumba kuno ku Mzimba anapuma ntchito yotayipa makalata, koma zala zawo zinakana kupuma. M'mawa uliwonse amakhala pakhonde ndi laputopu yakale, kukopera mabuku aubatizo a mpingo wawo chiswe chisanawamalize. Munthu aliyense ali ndi fayilo yake. Pulogalamu yolembera amaidziwa ngati khitchini yawo, ndipo pulagini iliyonse, kachida kowonjezera pa pulogalamuyo kothandiza kupeza mafayilo, amaiyesa sabata yathunthu asanaivomere. "Mlendo sapatsidwa makiyi tsiku lomwelo," amatero.

Anasunga ziwiri zokha. Ina imaonetsa mafoda ngati nthambi za mtengo, mudzi ndi mudzi. Inayo imawathandiza kudumpha pakati pa mafayilo amene atsegula kale. Ine, mphunzitsi wa kompyuta wochokera ku Dedza, ndinawakakamiza kuyesa yachitatu: ungolemba dzina, fayilo yatulukira.

Lachinayi lina kunabwera mtsikana wa ku Champhira, Sellah Jere. Ukwati wake unali Loweruka, ndipo abusa ankafuna umboni wa ubatizo. Ndinalemba "Jere" monyadira. Panatuluka mafayilo mazana atatu. Nditawonjezera "Sellah", anatsala khumi ndi anayi.

Mayiwo anakoka laputopu. "Mwana wanga, kumudzi kwanu nkuti? Agogo ako aamuna ndani?" Mtsikanayo atayankha, anatsegula foda ya mudziwo, kenako ya banjalo. "Mbwenu ndiwe uyu," anatero m'chilankhulo chakuno, akuloza fayilo imodzi.

Mtsikanayo atapita, anachotsa pulagini yangayo ine ndikuona.

"Yewo chomene, aphunzitsi, koma kuno dzina lokha silipeza munthu. Timayamba tafunsa kwawo."